Khasu limapindika, mchere umanyenyeka: mafunso ndi mayankho pa za kagwiranidwe ka maatomu

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera kuno ku Dedza, ena kuchokera kwa ana a sekondale amene akukonzekera mayeso a MSCE, ena kwa makolo awo, enanso kwa owotcherera zitsulo ndi okhoma zidebe. Ana ambiri mutu wa bonding, wonena za kagwiranidwe ka maatomu, amangouloweza, mayeso akatha n'kuuiwala. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa mutuwu ndi umene umafotokoza khasu, mchere, malata ndi feteleza zimene timazigwira tsiku ndi tsiku.

Kodi bond n'chiyani kwenikweni?

Chinthu chilichonse chinapangidwa ndi tizidutswa tating'ono kwambiri totchedwa maatomu. Pakati pa atomu pali phata lokhala ndi chaji ya pozitivi, ndipo mozungulira phatalo muli maelekitironi, amene chaji yawo ndi ya negetivi. Pozitivi ndi negetivi zimakokana, pamene zofanana zimakankhana. Bond ndi kukokana kumeneku kukafika poti maatomu agwirana osatayana.

Amene amagwira ntchitoyi ndi maelekitironi a kunja kwenikweni kwa atomu. A m'kati amangokhala phee. Choncho pa chinthu chilichonse funso ndi limodzi: maelekitironi akunjawo apita kuti? Ngati asamukira ku atomu ina n'kukhazikika komweko, imeneyo ndi ionic bond. Ngati atayirira n'kumayendayenda m'chinthu chonsecho, ndi metallic bond. Ngati maatomu awiri akugawana awiriawiri, ndi covalent bond, monga zilili m'madzi ndi mu shuga.

Ionic bond imapangika bwanji? Tipatseni chitsanzo cha kunyumba.

Mchere wothira m'ndiwo. Unapangidwa ndi sodiyamu ndi kolorini. Sodiyamu ali ndi maelekitironi 11, okhala m'mizere yozungulira phata motere, kuchokera m'kati kupita kunja: 2, 8, 1. Kolorini ali ndi 17: 2, 8, 7. Elekitironi imodzi yakunja ya sodiyamu imasamukira kwa kolorini. Sodiyamu watsala ndi pozitivi yoposa negetivi, ndiye timalemba Na+. Kolorini wachulukitsa negetivi, timalemba Cl-. Atomu yokhala ndi chaji chonchi imatchedwa ion.

Apa ndi pamene ambiri amasokera. Amaganiza kuti Na+ imodzi imagwirana ndi Cl- imodzi n'kukhala paokha awiriwiri. Ayi. Na+ iliyonse imakoka Cl- zonse zoyandikana nayo, ndipo imazunguliridwa ndi zisanu ndi imodzi: pamwamba, pansi, kutsogolo, kumbuyo, kumanja ndi kumanzere. Cl- iliyonse nayonso yazunguliridwa ndi Na+ zisanu ndi imodzi. Ndondomekoyi imapitirira mbali zonse mpaka m'mphepete mwa kambulu ka mchere, ndipo m'kambulu kamodzi ka mchere wosalala muli ma ion mabiliyoni kuchulukitsa ndi mabiliyoni. William Henry Bragg ndi mwana wake Lawrence Bragg ndi amene anaonetsa kasanjidwe kameneka mu 1913 pogwiritsa ntchito ma X-ray. Mukayang'anitsitsa mchere pa nsalu yakuda muona kuti timibulu tambiri ndi ta makona ngati kabokosi. Maonekedwe akunjawo akutsata mmene ma ion asanjikirana m'kati.

Taonaninso kusintha kwake. Sodiyamu payekha ndi chitsulo chofewa chodulika ndi mpeni, chimene chimalusa chikakhudza madzi. Kolorini ndi mpweya wapoizoni. Elekitironi imodzi ikangosamuka, tapeza chinthu chimene timadya tsiku lililonse.

Kusukulu amati atomu "imafuna" maelekitironi asanu ndi atatu kunja kwake. N'zoona?

Lamuloli limathandiza kupeza chaji yolondola pa mayeso, ndipo ligwiritseni ntchito. Magineziyamu ndi 2, 8, 2, ndiye amataya awiri n'kukhala Mg2+. Okosijeni ndi 2, 6, amalandira awiri n'kukhala O2-. Aluminiyamu ndi 2, 8, 3, amataya atatu. N'chifukwa chake timalemba MgO, MgCl2 ndi Al2O3, kuti pozitivi ndi negetivi zilingane.

Koma atomu ilibe mtima woti n'kufuna kanthu. Nkhani ndi ya mphamvu. Kuchotsa elekitironi kwa sodiyamu kumadya mphamvu yokwana 496 kJ pa mole imodzi (kJ ndi muyezo wa mphamvu, mole ndi muyezo wa kuchuluka kwa maatomu). Kolorini akailandira amabweza 349 kJ yokha. Kukanakhala kuti nkhani yathera pomwepo, bwenzi pali kuluza ndipo mchere sukanapangika. Chimene chimabweza ngongoleyo ndi kukokana kwa ma ion akamasanjana, komwe kumatulutsa pafupifupi 787 kJ pa mole. Ndiye bond yeniyeni ndi kukokanako. Kusamuka kwa elekitironi kumangokonza njira.

Nanga m'chitsulo zimakhala bwanji, popeza maatomu onse ndi amtundu umodzi?

Mu waya wa kopa mulibe atomu yolandira. Onse ndi otaya okhaokha. Choncho atomu iliyonse imamasula maelekitironi ake akunja, iyo n'kutsala ion ya pozitivi pamalo pake m'mizere yosanjika bwino. Maelekitironi omasukawo sakhalanso a atomu imodzi. Amayenda m'chitsulo chonse, ndipo popeza ndi a negetivi, amakoka ma ion onse a pozitivi n'kuwasunga pamodzi.

Ganizirani mbatata ya kachewere imene amayi akutsuka m'beseni pa Bembeke. Mbatatazo ndi ma ion, madziwo ndi maelekitironi. Mukavundula, mbatata zimagubuduzika kusinthana malo, koma iliyonse imakhalabe yozunguliridwa ndi madzi. Kusiyana kwake n'koti madzi sakoka mbatata, pamene maelekitironi amakoka ma ion mwamphamvu zedi.

Ganizo limeneli si latsopano. J.J. Thomson anatulukira elekitironi mu 1897, ndipo mu 1900 Paul Drude wa ku Germany anali atafotokoza kale kuti zitsulo zimadutsitsa magetsi ndi kutentha chifukwa cha maelekitironi omasuka.

N'chifukwa chiyani chitsulo chimaphwatalala mukachimenya ndi hamala, koma mchere umanyenyeka?

Funso ili ndi limene ndimalikonda kuposa onse, chifukwa yankho lake mumaliona ndi maso pamsika uliwonse, kaya pa Lizulu, pa Chimbiya kapena pa Dedza boma. Wokhoma zidebe amatenga lata, n'kulipinda, n'kulikhoma mpaka lasanduka ndowa kapena mbaula, osasweka. Chimene chikuchitika m'kati n'chakuti hamala ikukankha mzere wina wa ma ion kuti utsetsereke pamwamba pa mzere unzake. Mzerewo ukafika pamalo patsopano umapeza zinthu zili chimodzimodzi: anansi a pozitivi, ndi maelekitironi omasuka pakati pawo. Bond siinaduke, yangosuntha. Ndi chifukwa chomwechi kopa amakokeka n'kukhala waya wopyapyala ngati tsitsi.

Tsopano sinjani mchere wa mibulu mu mtondo. Musi ukagunda, mzere umodzi umasuntha pang'ono chabe, mtunda wa ion imodzi. Pamenepo Na+ imene inayang'anizana ndi Cl- yapezeka maso ndi maso ndi Na+ inzake, ndipo Cl- yakumana ndi Cl-. Zofanana zimakankhana, ndiye mbuluwo umang'ambika nthawi yomweyo motsata mzere wowongoka. Mchere ndi wolimba ndithu, sungaupinde ndi zala, koma ulibe mpata wogonja pang'ono. Umapirira mpaka pamene wasweka.

Mphika wadothi umagwera mbali yomweyi. M'dothi lowotcha muli aluminiyamu, silikoni ndi okosijeni zogwirana mwa njira imene mbali ina ndi ionic, mbali ina covalent, ndipo palibe mzere umene ungatsetsereke. Sefuliya ikagwa imangobonyoka, mbiya ikagwa mumatola mapale.

Mchere uli ndi chaji. Bwanji sudutsitsa magetsi ngati waya?

Kukhala ndi chaji sikokwanira. Chajiyo iyenera kuyenda. Mu waya maelekitironi ndi omasuka kale, ndiye batire likangolumikizidwa onse amayamba kusunthira mbali imodzi. Mu mchere wouma ma ion amangika pamalo pawo, ndipo maelekitironi agwiridwa zolimba ndi ma ion awo. Palibe choyenda.

Koma muuthire m'madzi. Mamolekyu a madzi, timagulu ta maatomu ogwirana mwa covalent, ali ndi mbali ina ya negetivi pang'ono ndi ina ya pozitivi pang'ono, ndiye amazungulira ion iliyonse n'kuichotsa pamzere. Tsopano Na+ ndi Cl- zikusambira momasuka, ndipo magetsi akudutsa. Mchere wosungunuka ndi moto umachitanso chimodzimodzi. Umu ndi mmene Humphry Davy anapezera sodiyamu ndi potaziyamu kwa nthawi yoyamba mu 1807, podutsitsa magetsi m'zinthu za ionic zosungunula ndi moto.

Mungathe kuyesa kunyumba ndi mabatire awiri a tochi, kababu ka LED, mawaya ndi misomali iwiri. Zikani misomaliyo mu mchere wouma, osaigunditsa: kababu sikayaka. Iviikeni m'madzi a mchere wambiri: kayaka. Yesani m'madzi oyera a shuga: kakayaka n'komwe ndi mozimirira kwambiri, chifukwa shuga amasungunuka ngati mamolekyu athunthu opanda chaji. Chonde, chonde, izi ndi za mabatire a tochi okha. Musayerekeze kuyesa ndi magetsi a pa soketi. Thukuta lathu ndi madzi a mchere, magazi athu ndi odzaza ndi ma ion, ndipo ndi chifukwa chake kugwira switchi ndi manja onyowa kumapha.

Bwanji mawaya a m'nyumba ndi a kopa koma a pamapolo ndi oyera?

Oyerawo ndi a aluminiyamu, nthawi zambiri okhala ndi chitsulo cholimba pakati kuti asaduke. Aluminiyamu amadutsitsa magetsi pafupifupi 61 peresenti ya mmene kopa wa kukula komweko amachitira, koma ndi wopepuka kuposa katatu: magalamu 2.7 pa kiyubiki sentimita, pamene kopa ndi pafupifupi 9. Pa mtunda wautali wa pakati pa mapolo kupepukako ndi kutsika mtengo zimapambana. M'nyumba, mmene waya amapindidwa m'mapaipi ndi kumangidwa ndi masikuluwu, kopa ndiye woyenera.

Mukadzaima pansi pa polo, muyang'anenso timbale timene wayayo wakhalapo. Tina ndi ta galasi, tina ta dothi lowotcha kwambiri, ndipo m'dothi limenelo mulinso aluminiyamu. Pa polo limodzi pali aluminiyamu wonyamula magetsi ndi aluminiyamu wothandiza kuwatchinga. Mu waya maelekitironi ake ndi omasuka, m'kambale anawapereka kwa okosijeni.

M'mawa wa mu Juni chigwiriro cha mjigo chimazizira kuposa mpini wa khasu, chonsecho zonse zagona panja. Chifukwa?

Zonse ziwiri n'zozizira mofanana. Kusiyana n'kwakuti maelekitironi omasuka a m'chitsulo amalanda kutentha kwa dzanja lanu n'kuthawa nako msanga, pamene mtengo umakusiya pomwepo. Sefuliya imawiritsa madzi msanga pa chifukwa chomwechi, ndipo mthiko timasema wa mtengo kuti usatiwotche.

Mchere umasungunuka m'ndiwo mosavuta. Ndiye kuti bond yake ndi yofooka?

Ayi, ndipo apa pali zinthu ziwiri zosiyana. M'ndiwo madzi ndi amene akugwira ntchito yochotsa ma ion imodziimodzi, ndipo malo a kukokana kwakale akulowedwa ndi kukokana kwa ion ndi madzi. Madzi okwana 100 ml amatha kulandira mchere pafupifupi magalamu 36, kupitirira apo wotsalawo umangokhala pansi. Koma kuti mchere wouma usungunuke ndi moto wokha pamafunika 801°C. Muuike mu chiwaya pa mbaula, udzangothetheka osasungunuka. Shuga, amene mamolekyu ake amakokana mofooka, amayamba kusungunuka ndi kupserera asanafike 200°C.

Chaji ikakula, kukokana kumakulanso. Mu MgO ma ion ndi a 2+ ndi 2-, ndipo amasungunuka pa 2852°C. N'chifukwa chake amapangira njerwa zoyala m'kati mwa ng'anjo zosungunuliramo zitsulo.

Zitsulo nazo zimasiyana kwambiri. Sodiyamu, amene atomu yake imamasula elekitironi imodzi, amasungunuka pa 98°C. Aluminiyamu, womasula atatu, pa 660°C. Mtovu pa 327°C, kopa pa 1085°C, ayironi pa 1538°C, ndipo tungsten, kawaya ka m'mababu akale aja, pa 3422°C. Mercury ndi wamadzimadzi ngakhale kuzizire bwanji pa phiri la Dedza, popeza amauma pa -39°C.

Ngati chitsulo chimapindika mosavuta, bwanji chikwanje sichipindika?

Chifukwa chikwanje si ayironi yekha. Ayironi wopanda chosakaniza ndi wofewa ndithu. Akathiramo kaboni pang'ono, timaatomu take tating'ono timalowa m'mipata ya pakati pa maatomu a ayironi n'kutchinga mizere kuti isatsetsereke. Kaboni akachepa, osafika 0.3 peresenti, mumapeza chitsulo chofewa cha misomali, malata ndi mafelemu a mawindo. Akawonjezereka mumapeza cha masipuling'i ndi mipeni. Akafika pakati pa 2 ndi 4 peresenti chitsulocho chimalimba koma chimasweka ngati phale, monga zimachitira simbi yamakala ikagwa pa simenti.

Amisiri osula anazidziwa kale izi ndi manja awo. N'chifukwa chake amafunafuna masipuling'i a galimoto zakale popanga nkhwangwa ndi mipeni, osati chitsulo chilichonse. Akawotcha sipuling'ilo mpaka kufiira n'kuliviika m'madzi kapena mu oyilo mwadzidzidzi, kaboni amatsekeredwa asanapeze mpata wosuntha, mizere ya maatomu imapotoka, ndipo chitsulo chimauma gwa. Chikasiyidwa choncho chimabenthuka msanga, ndiye mmisiri wodziwa amachitenthetsanso pang'ono, akuyang'ana mtundu umene ukusintha pa mpeniwo, kuti chibwezeko kufewa. Mwana amene agogo ake ndi osula ali ndi labotale pakhomo, ndipo ndimalakalaka ana otere atamakhala pansi n'kumawafunsa agogowo.

Waya amene mukumupinda uku ndi uku amayamba kuuma pamalo opindawo kenako n'kuduka. Kupinda kulikonse kumasokoneza mizere mpaka yakolana yosathanso kutsetsereka.

Dzimbiri limalowa pati m'nkhaniyi?

Dzimbiri ndi chitsulo chimene chasiya metallic bond n'kulowa mu ionic. Ayironi akakumana ndi okosijeni pali chinyezi, amataya maelekitironi ake kotheratu n'kukhala ion yogwirana ndi okosijeni. Maelekitironi omasuka aja atha, ndiye kunyezimira kwatha, kupindika kwatha, chatsala ndi chinthu chofiira chofumbutuka. Chifunga ndi mame a kuno zimapereka chinyezicho mokwanira. Madzi okhala ndi ma ion amafulumizitsa zinthu, ndiye wilibala kapena khasu limene lagwira feteleza muzilitsuka ndi kuliumitsa tsiku lomwelo.

Malata amawakuta ndi zinki. Zinki amataya maelekitironi mosavuta kuposa ayironi, ndiye amadyeka ndi iyeyo poyamba, ngakhale pamene lata lakalika. Zinkiyo akatha m'pamene denga limayamba kufiira. Owotcherera asamale: utsi woyera umene umatuluka powotcherera paipi kapena lata lokutidwa ndi zinki umadwalitsa, choncho ntchitoyi izichitikira pamalo opita mphepo. Masupuni osachita dzimbiri ali ndi chitsulo china chotchedwa chromium osachepera 10.5 peresenti, amene amapanga kakhungu kopyapyala kotchinga mpweya.

Zojambula zofiira za m'mapanga a ku Chongoni, malo amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, utoto wake ndi wa dothi lofiira lokhala ndi ayironi wogwirana kale ndi okosijeni. Mpweya ulibenso choti ulande pamenepo, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mtunduwo wakhalira zaka mazanamazana pathanthwe.

Mlimi wa mbatata kapena kabichi izi zimukhudza bwanji?

Mizu siidya mibulu ya feteleza. Imayamwa ma ion osungunuka m'madzi a m'nthaka: nitrate, ammonium, potaziyamu, phosphate ndi ena. Feteleza wothira pa nthaka youma amangokhala mpaka mvula kapena madzi othirira abwere. CAN ndi wa ionic, ndiye akangosungunuka mbewu imayamba kudya. Urea ndi wosiyana. Ali ndi nayitirojeni wochuluka, 46 peresenti, koma ndi molekyu ya covalent, ndipo tizilombo ta m'nthaka timayamba tamusandutsa ammonium. Akasiyidwa pamtunda osakwiriridwa, gawo lina limauluka ngati mpweya wa ammonia, ndalama n'kupita ndi mphepo. Laimu wa m'munda ndi wa ionic nayenso, koma sasungunuka msanga m'madzi, ndiye amathiridwa nthawi ikadalipo, kubzala kusanafike.

Thupi lathu nalonso limayendera ma ion. Mwana akatsegula m'mimba amataya madzi pamodzi ndi sodiyamu ndi potaziyamu, zimene mitsempha ndi mtima zimadalira. Paketi ya Thanzi ORS yosungunula mu lita imodzi ya madzi aukhondo imabwezera zimenezi, ndipo shuga amene alimo amathandiza matumbo kuyamwa sodiyamu pamodzi ndi madzi.

Pa mayeso ana amalakwitsa pati kawirikawiri?

Ambiri amalemba kuti madzi a mchere amadutsitsa magetsi chifukwa cha maelekitironi omasuka. M'madzi a mchere oyenda ndi ma ion, ndipo maelekitironi omasuka ndi a m'zitsulo. Ena amalemba "molekyu ya NaCl", chonsecho mchere ulibe mamolekyu. Pojambula ion musaiwale kulemba chaji yake.

Musaiwalenso graphite, ya m'kati mwa pensulo ndi kamtengo kakuda ka pakati pa batire la tochi. Si chitsulo, ndi kaboni wogwirana mwa covalent, komabe imadutsitsa magetsi chifukwa atomu iliyonse imagwiritsa ntchito maelekitironi atatu pogwirana ndi anzake, lachinayi n'kutsala lomasuka. Mwala umenewu uliponso m'nthaka ya ku Malingunde ndi ku Kasiya m'boma la Lilongwe.

Mapoto oumba kuchokera ku zitsulo zakale amene amagulitsidwa m'misika ndi abwino kuphikira?

Amisiri amatha kuumba mapotowa chifukwa 660°C ndi kutentha kumene makala opemereredwa bwino amafikako. Kupeza aluminiyamu kuchokera ku mwala wake ndi nkhani ina. Mu bauxite, monga amene ali pa phiri la Mulanje, aluminiyamu wagwirana ndi okosijeni mwamphamvu moti Al2O3 amasungunuka kupitirira 2000°C. Njira imene Charles Hall ndi Paul Héroult anatulukira mu 1886, aliyense payekha, imasungunula Al2O3 m'mwala wosungunuka wotchedwa cryolite pa kutentha kwa pafupifupi 950°C n'kudutsitsamo magetsi ochuluka zedi kuti ion iliyonse ibwezeredwe maelekitironi ake atatu. Fakitale ya Mozal pafupi ndi Maputo, imene inayamba ntchito mu 2000, inamangidwira ntchito imeneyi. Kusungunula aluminiyamu wakale kumangodya pafupifupi 5 peresenti ya mphamvu yonseyo, ndiye mmisiri woumba mapoto akuchita ntchito yaphindu.

Vuto lili pa zimene zalowa m'ng'anjo. Zitsulo zosungunuka zimasakanikirana mosavuta, popeza maelekitironi omasuka sasankha kuti ion iyi ndi ya mtundu wanji. Ngati mwa zakalezo munali mtovu, wochokera ku mabatire a galimoto, ku zomatira mawaya kapena ku ziwiya zina za injini, umalowa m'poto osaoneka. Zakudya zowawasa monga matimati zimautulutsa pang'onopang'ono ngati ma ion, ndipo mtovu umawononga ubongo wa ana ngakhale uli wochepa kwambiri. Amisiri azisankha zosungunula zawo mosamala: mapoto akale, zitini za zakumwa ndi mafelemu a aluminiyamu, ndipo chilichonse chochokera ku batire chisayandikire ng'anjoyo. Inu ogula, funsani chimene potoyo anaumbira, musasungiremo ndiwo zamatimati usiku wonse, ndipo phala la mwana muziphikira mu poto amene mukudziwa kumene anachokera.